Tiki imodzi pa tiyi ndiyo inagawanitsa America ndi Britain?

Chisomo:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndikuwerenga za mmene America inapatukira kwa Angerezi, koma pali chinthu chimodzi chimene sichikundilowa m'mutu. Paliponse akulemba kuti gwero lake ndi misonkho. Komatu msonkho wa tiyi umene anthu a ku Boston anakwiya nawo mu 1773 unali makobiri atatu okha pa paundi imodzi ya masamba, tiki imodzi basi. Ndipo lamulo la chaka chimenecho linatsitsa mtengo wa tiyi, silinakweze. Munthu wamutu wake angataye katundu m'nyanja chifukwa choti watchipa?

Kondwani wa ku Joni:
Usavutike mphwanga, yankho lake ndi lalifupi. Anthu aja anali ozembetsa katundu. Tiyi wambiri amene ankamwedwa ku New York ndi ku Philadelphia ankalowa mozemba kuchokera kwa Adatchi, osalipira kalikonse pa kasitomu. Boma la ku London litalola kampani ya East India kugulitsa tiyi wake motsika mtengo, bizinesi ya ozembetsayo inatsala pang'ono kulowa pansi. Za ufuluzo anangopakapo pamwamba kuti nkhani ikome.

Mayi Nankhoma:
Kkkk a Kondwani mwadzuka ndi ukali lero.

Aphunzitsi Mbewe:
Zimene a Kondwani akunenazi si zabodza zonse, koma nkhani ayiyambira kumchira. Tiyi ndi wa 1773, pamene mkangano unali utatha kale zaka khumi ukutukusira. Tibwerere ku 1763.

Chaka chimenecho Britain inapambana nkhondo yaikulu yolimbana ndi France, ndipo pa pangano la ku Paris inatenga Canada pamodzi ndi pafupifupi dziko lonse la kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi. Kupambanako kunadya ndalama zoopsa. Ngongole ya boma inatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, n'kupitirira mapaundi 120 miliyoni. Pamwamba pa izo boma linaganiza zosiya asilikali pafupifupi 10,000 ku America kuti azilondera dziko latsopanolo. Asilikali amadya, amavala, amalandira malipiro. Funso la ku London linali lakuti: bwanji anthu a ku America osathandizako?

Nduna yaikulu nthawi imeneyo inali George Grenville, munthu wokonda kuwerengera kobiri lililonse. Atafufuza anapeza kuti maofesi a kasitomu ku America ankawononga ndalama zambiri poyendetsa ntchito kuposa zimene ankatolera. Mu 1764 anabweretsa Sugar Act. Kuyambira 1733 manyuchi a nzimbe ochokera ku zilumba za Afalansa ankayenera kulipiridwa makobiri 6 pa galoni. Grenville anatsitsa n'kufika pa 3. Koma a 6 aja panalibe ankawalipira, amalonda ankangomuonera kangachepe wa kasitomu n'kudutsa. A 3 awa anabwera ndi sitima zankhondo zosaka ozembetsa. Ku Massachusetts ndi ku Rhode Island manyuchiwo ndiwo ankatchezera mowa wa rum, bizinesi yaikulu ya kumeneko.

Kondwani wa ku Joni:
Mwaonatu aphunzitsi, mukundithandiza nokha. Msonkho watsika ndi theka, anthu akulira. Munthu wa ku England ankakhoma misonkho yambiri zedi, olemba mbiri ena amawerengera masheleni 26 pachaka pamene wa ku Massachusetts ankapereka sheleni imodzi. Alimi a ku England anali atangochita ziwawa mu 1763 chifukwa cha msonkho wa mowa wa maapozi. Ndiye awa achotseredwa Afalansa pakhomo ndi magazi a ana a eni, koma kusonkhako ayi? Walira mvula walira matope.

Tadala:
A Kondwani, lamulo la 1764 musaliwerenge pa mtengo pokha, werengani ndi kumunsi komwe. Munthu wogwidwa ndi katundu wokayikitsa ankatha kutengeredwa ku khoti la zapanyanja, limene linalibe anthu wamba 12 aja ogamula mlandu. Woweruza mmodzi yekha, wosankhidwa ndi boma. Khoti lalikulu la mtundu umenewu analiika ku Halifax, ku Nova Scotia, kutali kwambiri ndi kwawo kwa woimbidwa mlandu. Ndipo mwini sitima ndiye ankayenera kutsimikizira khoti kuti ndi wosalakwa. Mngelezi aliyense nthawi imeneyo ankanyadira kuti amaweruzidwa ndi anzake. Anthu a ku America ankadzitcha Angerezi ndithu, osati mtundu wina. Ndiye anafunsa: ifeyo tinasiya liti kukhala Angerezi?

Kondwani wa ku Joni:
Chifukwa anzawo 12 aja ankawamasula nthawi zonse. Wozembetsa kuweruzidwa ndi makasitomala ake.

Tadala:
Zimenezo n'zoona kkkk. Koma ufulu suchotsedwa chifukwa choti wakhumudwitsa boma.

Aphunzitsi Mbewe:
Moto weniweni unayaka ndi Stamp Act, imene inavomerezedwa mu March 1765 kuti iyambe kugwira ntchito pa 1 November. Sugar Act inakhudza amalonda a m'madoko. Iyi inakhudza aliyense wogwira pepala. Nyuzipepala, chikalata cha malo, kalata ya chuma cha masiye, mapepala a kukhoti, laisensi yogulitsira mowa, dipuloma ya ku koleji, zonse zinayenera kukhala pa pepala lodindidwa kale chidindo cha boma. Makadi a njuga sheleni imodzi pa paketi, madayisi masheleni 10. Komanso ankafuna ndalama zachitsulo za Britain, zimene zinali zosowa kwambiri kumeneko.

Taganizani anthu amene lamulo limeneli linawaputa: maloya, osindikiza nyuzipepala, eni malo omwera mowa. Ndiye kuti amene amadziwa kutsutsa, amene ali ndi makina ofalitsira mawu, ndi amene anthu amasonkhana kwawo madzulo alionse. Grenville ankayembekezera mapaundi ngati 60,000 pachaka, osakwana n'komwe kulipira asilikali aja. Kwa iye sinali nkhani yachilendo, poti ku England msonkho wa chidindo unalipo kuyambira 1694.

Chisomo:
Ndiye paja mpamene panachokera zoti palibe msonkho popanda woimira? Nanga bwanji Angerezi sanangowapatsa mipando ingapo m'Nyumba ya Malamulo ya ku London, nkhani n'kutha?

Aphunzitsi Mbewe:
Funso labwino mwana wanga. Boma linayankha kuti anthu a ku America ali ndi owaimira kale. Linkati phungu aliyense amaimira ufumu wonse, osati okhawo amene anamuvotera. Linkapereka chitsanzo cha Manchester ndi Birmingham, matauni aakulu amene analibe aphungu awoawo koma ankakhoma misonkho. Loya wa ku Maryland, Daniel Dulany, anaphwanya mfundo imeneyi mosavuta. Phungu akaika msonkho pa munthu wa ku Birmingham, iye mwini ndi omuvotera ake amaulipiranso. Akauika pa munthu wa ku Virginia, wake umapepuka. Ndiye adzaleka bwanji?

Koma mipandoyo eni ake sankaifuna. Mu October 1765 nthumwi zochokera m'makoloni 9 zinakumana ku New York, ndipo zinalemba poyera kuti chifukwa cha kutalika kwa mtunda sizingatheke kuti aimiridwe ku London. Ulendo wapanyanja unkatenga mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Aphungu ochepa akanapita kumeneko akanangogonja pa voti iliyonse, kenako n'kuuzidwa kuti munavomereza nokha. Chimene ankafuna n'chakuti msonkho uziikidwa ndi nyumba zawo za malamulo. Ya ku Virginia inayamba kukumana mu 1619. Kwa zaka pafupifupi 150 anazolowera kuti mfumu ikafuna ndalama, bwanamkubwa amapempha nyumbayo, nyumbayo n'kukambirana. M'nyumba yomweyo ya ku Virginia ndi mmene Patrick Henry anaimirira mu May 1765 n'kunena kuti palibe wina angakhometse anthu a ku Virginia msonkho koma iwo okha.

Yamikani:
Aphunzitsi akukamba za anthu ovala bwino. Ine ndikufuna ndinene za mumsewu, chifukwa lamulo lija silinafe ndi makalata.

Pa 14 August 1765 anthu a ku Boston anadzuka n'kupeza chidole chitapachikidwa pa mtengo waukulu. Chinali cha Andrew Oliver, amene anasankhidwa kuti azigulitsa mapepala achidindo. Madzulo chigulu cha anthu, motsogozedwa ndi wosoka nsapato Ebenezer Mackintosh, chinagwetsa nyumba imene ankaiganizira kuti idzakhala ofesi ya chidindo, n'kupita kukaswa mawindo kunyumba kwa Oliver. M'mawa mwake bamboyo analonjeza kuti ntchitoyo aisiya.

Pa 26 August inali nthawi ya mlamu wake, Thomas Hutchinson, wachiwiri kwa bwanamkubwa komanso mkulu wa oweruza. Uthenga unamupeza akudya chakudya chamadzulo ndi ana ake. Iye ankafuna kutsala, koma mwana wake wamkazi anakana kuchoka bambo ake akapanda kuchoka. Atangothawira kwa aneba, zitseko zinagwa ndi nkhwangwa. Anthu anaswa mipando, anang'amba matiresi, anakanganula matabwa a m'makoma, anadula mitengo ya pabwalo, anamwa vinyo yense, anatenga ndalama mapaundi 900. Kunja kunacha ali padenga, akusasula. Mapepala a mbiri ya Massachusetts imene ankalemba anamwazidwa m'matope, mbusa wina woyandikana naye ndiye anawatola. Tsiku lotsatira Hutchinson anafika kukhoti atavala zovala zobwereka.

Chowawa n'chakuti munthuyu Stamp Act sankagwirizana nayo, ndipo anali atalembera ku London kuwachenjeza. Pofika pa 1 November panalibe munthu wolimba mtima wogulitsa mapepala aja, kupatula ku Georgia kumene pambuyo pake anagulitsako pang'ono.

Mayi Nankhoma:
Mayo ine. Ndiye awa ndi omenyera ufulu kapena mbava? Vinyo ndi mapaundi 900 zikukhudzana bwanji ndi chidindo?

Kondwani wa ku Joni:
Funsani inuyo mayi, ine ndikafunsa akuti ndadzuka ndi ukali.

Yamikani:
Ngakhale atsogoleri awo ena anachita nazo manyazi za usiku umenewo. Koma mudziwenso kuti Boston inali pa umphawi nkhondo itatha, ntchito zitasowa, ndipo banja la Hutchinson ndi la Oliver anali atagawana mipando yambiri yonona. Mkwiyo wina sunali wa chidindo ayi.

Aphunzitsi Mbewe:
Chimene chinagwetsa lamulolo ku London ndi thumba. Amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston anagwirizana zonyanyala katundu wa ku Britain, ndipo anzawo a ku London, Bristol ndi Liverpool anayamba kulirira aphungu. Grenville anali atachotsedwa kale, m'malo mwake muli Lord Rockingham. Pa 18 March 1766 Stamp Act inathetsedwa. Ku America kunali mabelu ndi madyerero. Ochepa ndi amene anasamala kuti tsiku lomwelo panadutsanso Declaratory Act, yonena kuti Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yopangira makoloni malamulo pa nkhani ina iliyonse. Ndalama anazisiya, mphamvu sanaisiye.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, Benjamin Franklin, nthumwi ya Pennsylvania ku London, anafunsidwa mafunso m'Nyumba ya Malamulo, ndipo anapatsa aphungu chithunzi chakuti anthu akwawo amakana misonkho ya m'kati mwa dziko koma ya padoko alibe nayo vuto. Nduna ya zachuma Charles Townshend anamugwira pakamwa. Mu 1767 anaika misonkho ya padoko pa magalasi, mtovu, penti, mapepala ndi tiyi. Tiki ija ya Chisomo inabadwira pamenepa.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa kwa ine mtima wa nkhani yonseyi uli apa. Ndalama za Townshend zinali zolipirira abwanamkubwa ndi oweruza. Kale malipiro a bwanamkubwa wa Massachusetts ankavomerezedwa ndi nyumba ya malamulo ya komweko chaka ndi chaka. Akachita mwano, malipiro ankachedwa. Chimenecho ndicho chinali chingwe chokha chimene anthu anali nacho pa munthu wotumidwa ndi mfumu. Msonkho watsopanowu unali wodula chingwecho, ndi ndalama zawo zomwe.

Mayi Nankhoma:
Apa ndiye ndamva. Kumsika kwathu mlonda timamusonkhera tokha mwezi ukatha. Katundu akasowa timamuitana, amabwera chipewa chili m'manja. Tsiku limene adzayambe kulandira kwina, koma ndalama zake zikuchokabe m'matumba mwathu, ndiye kuti tidzamupatsa moni ndife.

Tadala:
Ndipo John Dickinson wa ku Pennsylvania analemba makalata m'nyuzipepala kuyambira kumapeto kwa 1767 otseka khomo limene Franklin anasiya lotsegula. Anati msonkho wa padoko wowongolera malonda ndi wovomerezeka, koma ukakhala wotolera ndalama ndi msonkho basi, kaya ukhale wochepa bwanji. Kuchepako ndiye kuopsa kwake, chifukwa anthu amaulandira osadandaula, mawa n'kukhala mwambo. Mu 1768 nduna ya makoloni, Lord Hillsborough, inalamula nyumba ya malamulo ya Massachusetts kuti ibweze kalata imene inatumizira makoloni ena. Anavota 92 kukana, 17 kuvomera. Bwanamkubwa anaitseka nyumbayo.

Kondwani wa ku Joni:
Musaiwale kutchula kuti chaka chomwecho a kasitomu anagwira sitima ya John Hancock, mponda matiki wa ku Boston, pomuganizira kuti wazembetsa vinyo. Dzina la sitimayo Liberty kkkk. Ziwawa zimene zinatsatira ndi zimene zinabweretsa asilikali m'tauni.

Yamikani:
Eya, October 1768. Asilikali ngati 2,000 m'tauni ya anthu 16,000. Malipiro awo anali ochepa, ndiye pa nthawi yopuma ankasaka maganyu padoko pa mtengo wotsika, kulanda ntchito za eni tauni. Masiku atatu chisanachitike chija amati Boston Massacre, asilikali anamenyana ndi anyamata opota zingwe za sitima, ndewu itayamba pa nkhani ya ganyu yomweyi. Usiku wa 5 March 1770 gulu la anthu linazinga msilikali wolondera ofesi ya kasitomu, kumugenda ndi zibuma za madzi oundana. Anzake atabwera kudzamuthandiza mfuti zinalira, anthu asanu n'kufa. Mmodzi mwa iwo anali Crispus Attucks, wogwira ntchito m'sitima, wamagazi achiafirika ndi a eni nthaka. Amene anaimira asilikali aja kukhoti anali John Adams, yemwe uja anadzakhala pulezidenti wachiwiri. Asilikali 6 anamasulidwa, awiri anapezeka olakwa pa kupha mosakonzekera ndipo anawotchedwa chizindikiro pa chala chachikulu.

Aphunzitsi Mbewe:
Ndipo tsiku lomwelo la 5 March, ku London, osadziwa chimene chikuchitika kutsidya, nduna yaikulu yatsopano Lord North anapempha aphungu kuti achotse misonkho yonse ya Townshend kupatula wa tiyi. Wa tiyiwo anausiya dala, monga chizindikiro chakuti mphamvu yokhometsa ikadalipo. Mbali zonse ziwiri zinkadziwa kuti tiki ija si ndalama.

Mayi Nankhoma:
Abambo mwatchula ambiri. Amayi anali kuti? Poti tiyi ndi nsalu ogula ndife.

Tadala:
Popanda amayi kunyanyala kuja sikukanatheka mayi. Ankasonkhana ndi makina awo opotera ulusi, nthawi zambiri pa nyumba ya abusa, kupota tsiku lonse kuti mabanja asagule nsalu za ku England. M'malo mwa tiyi ankawiritsa masamba a m'munda. Mu October 1774 amayi 51 a ku Edenton, ku North Carolina, anasaina mayina awo pa chikalata chogwirizana ndi kunyanyalako. Ku London anawajambula chithunzi chowanyoza. Koma amayi pafupifupi onse voti analibe, nkhondo isanayambe ngakhale itatha.

Madala Phiri:
Ndakhala chete kuwerenga, tsopano ndilankhuleko. Ana inu mukamamva kuti makoloni, musafulumire kuwayerekeza ndi makolo athu. Kwathu ku Nyasaland msonkho wa nyumba unayamba m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ndipo munthu wakuda analowa m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba mu 1949. Kumeneko ndiye kukhoma popanda wokuimira. Koma anthu a ku Boston ndi Virginia anali atsamunda eni ake, okhala pa nthaka ya ena. Ine ndakulira kuno ku Harare kukadali Salisbury. Pa 11 November 1965 Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadzilamulira, chikalata chake anachitengera pa cha America cha 1776. Mawu onena kuti anthu onse analengedwa ofanana anawadumpha. Ankadziwa achibale ake.

Kondwani wa ku Joni:
Madala mwalasa. Mwa anthu pafupifupi 2.5 miliyoni a m'makoloni aja, mmodzi mwa asanu alionse anali kapolo. Patrick Henry anali ndi akapolo, George Washington anali nawo, Thomas Jefferson anali nawo. Ndipo m'zolemba zawo ankalira kuti msonkho wa London ukuwasandutsa akapolo! Samuel Johnson wa ku London anafunsa mu 1775 kuti zikutheka bwanji kuti ofuula kwambiri za ufulu ndi omwe akukwapula anthu akuda m'minda.

Madala Phiri:
Ndi za nthakanso. Mu 1763, nkhondo ya mitundu ya eni dziko yolimbana ndi Angerezi, yotsogozedwa ndi Pontiac, ili m'kati, mfumu George III inaletsa azungu kukakhala kumadzulo kwa mapiri a Appalachian. Anthu ngati Washington anali ndi maso pa malo a ku Ohio, ndipo iye analembera mnzake kuti lamulolo ndi longotonthoza eni nthaka kwa kanthawi, apitirize kusaka malo mwakachetechete.

Tadala:
Zonsezi sindikutsutsa, madala. Koma munthu wachinyengo akhoza kunena mfundo yoona. Akapolo a ku Massachusetts anaimva mfundoyo n'kuitembenuza: mu 1773 analembera bwanamkubwa ndi nyumba ya malamulo kupempha ufulu wawo, pogwiritsa ntchito mawu omwewo amene mabwana awo ankauza London. Ena anaona kuti mwayi uli mbali inayo. Lord Dunmore, bwanamkubwa wa Virginia, atalonjeza mu November 1775 ufulu kwa akapolo a oukira amene angalowe usilikali wa mfumu, mazana anathawira kwa iye.

Chisomo:
Mutu wakula tsopano. Koma tiyi uja simunandiyankhebe bwinobwino.

Aphunzitsi Mbewe:
Tafika. Kuyambira 1770 zinthu zinakhala ngati zazizira, ndipo ku Boston komweko anthu ankagula tiyi wokhomeredwa msonkho. Mu 1772 kunamveka kuti Hutchinson, amene tsopano anali bwanamkubwa, pamodzi ndi oweruza akuluakulu azilandira malipiro kuchokera kwa mfumu. Chimene ankaopa chija chinachitika. Samuel Adams, mmodzi wa atsogoleri a otsutsa ku Boston, anayambitsa komiti yolemberana makalata ndi matauni ena.

Nthawi yomweyo kampani ya East India inali pafupi kugwa, itasunga tiyi wolemera mapaundi ngati 17 miliyoni m'nyumba zosungira katundu ku London. Tea Act ya May 1773 inali yopulumutsa kampaniyo. Inaloledwa kutumiza tiyi mwachindunji ku America, kubwezeredwa msonkho wa ku England, ndi kugulitsa kudzera mwa anthu ake osankhidwa. Aphungu ena anachenjeza North kuti achotse tiki ija, iye anakana, poti ndi imene inkalipira abwanamkubwa. Ku Boston, pakati pa osankhidwa kugulitsa tiyiyo panali ana awiri a Hutchinson. Ndiye taona Chisomo: ukagula tiyi wotchipayo, wavomereza msonkho, walipira bwanamkubwa amene sungamugwirenso, walemeretsa ana ake, ndipo wamalonda wamba watsekeredwa kunja. A Kondwani akunena zoona kuti ozembetsa anaopa. Koma ku Boston kuzembetsa tiyi kunali kochepa poyerekeza ndi New York ndi Philadelphia, ndipo tiyi anatayidwa ku Boston.

Yamikani:
Chifukwa kwinako kunapezeka njira yotulukira. Ku Philadelphia ndi ku New York sitima zinabwezedwa. Ku Charleston tiyi anatsitsidwa n'kutsekeredwa m'chipinda chapansi. Ku Boston kunakumana ouma mitu awiri.

Sitima ya Dartmouth inafika kumapeto kwa November. Lamulo linkati msonkho ulipiridwe pasanathe masiku 20, apo ayi a kasitomu alande katunduyo n'kumutsitsa. Anthu anaika alonda padoko kuti bokosi ngakhale limodzi lisatsike. Hutchinson naye anakana kupereka chilolezo choti sitima ituluke. Kenako zinafika zina ziwiri, Eleanor ndi Beaver. Tsiku lomaliza linali 16 December. Anthu zikwizikwi anadzaza tchalitchi cha Old South, n'kutuma Francis Rotch, wa banja la eni Dartmouth, kuti apite ku Milton kumene bwanamkubwa anali, akapemphe komaliza. Anadikira mpaka mdima. Rotch anabwera ndi yankho lakuti ayi.

Usiku womwewo amuna ena atadzipaka mwaye kumaso, ena atafunda mabulangete kuti aoneke ngati a mtundu wa Mohawk, anakwera sitima zitatuzo. Kwa maola ngati atatu anaswa mabokosi 342 ndi nkhwangwa n'kukhuthulira m'madzi. Madzi anali ataphwa, moti masamba anaunjikana m'mbali mwa sitima mpaka anyamata ena anatsika kukawasalaza. Katundu wina sanamukhudze. Mmodzi amene anagwidwa akulonga tiyi m'chikhoti chake anamuvula chikhoticho n'kumuthamangitsa ndi makofi. Anaphunzirapo kanthu pa za usiku wa kwa Hutchinson.

Kondwani wa ku Joni:
Katundu wa mapaundi pafupifupi 10,000. Franklin yemwe ananena kuti alipiridwe. Washington nayenso sanakondwere nazo.

Aphunzitsi Mbewe:
N'chifukwa chake ndimati amene anagwirizanitsa makoloni ndi Lord North. Akanasaka olakwawo n'kuwazenga mlandu, Boston ikanatsala yokha. M'malo mwake mu 1774 anatseka doko lonse kuyambira pa 1 June mpaka tiyi atalipiridwa, anasintha malamulo oyendetsera Massachusetts kuti khonsolo izisankhidwa ndi mfumu, analetsa misonkhano ya m'matauni popanda chilolezo, analola kuti wantchito wa boma woimbidwa mlandu wakupha akazengedwere kwina, n'kuika mkulu wa asilikali Thomas Gage kukhala bwanamkubwa. Wa ku Virginia ataona izi anazindikira kuti ngati chikalata chokhazikitsira Massachusetts chingasinthidwe ndi voti ya ku London, chakenso chingasinthidwe. South Carolina inatumiza mpunga ku Boston, Connecticut inatumiza nkhosa. Mu September nthumwi za makoloni 12 zinakumana ku Philadelphia, Georgia yokha ndiyo inasowa. Pa 19 April 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi Concord, ndipo zimene asilikali a Gage ankakasaka tsiku limenelo zinali zida ndi onga.

Mayi Nankhoma:
Panalibe wanzeru ku London woti awauze kuti ingosiyani tikiyo?

Tadala:
Analipo. Phungu Edmund Burke anawauza mu April 1774 kuti abwerere ku zakale, azipindula ndi malonda a America n'kusiya kukangana za mphamvu. Phungu wina, William Pitt, anali atanena kale mu 1766 kuti Nyumba ya Malamulo ilibe ufulu wokhometsa makoloni msonkho. Anagonja pa mavoti. Chimene Burke ankapempha chinadzachitika mu 1778: aphungu anachotsa msonkho wa tiyi n'kukhazikitsa lamulo lolonjeza kuti sadzakhometsanso makoloni msonkho wotolera ndalama. Koma apo n'kuti gulu lonse la nkhondo la Britain lotsogozedwa ndi Burgoyne litagonja kale ku Saratoga, ndipo France itasaina mgwirizano ndi America. Nthumwi zimene zinapita ndi uthengawo zinabwerako chimanjamanja.

Kondwani wa ku Joni:
Ndiye ndimalize ndi ichi aphunzitsi asanandithamangitse m'kalasi. Mu 1791 boma latsopano la America linaika msonkho pa mowa wa whiskey kuti lilipire ngongole ya nkhondo. Alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania anakana, anapaka okhometsa msonkho phula ndi nthenga, anawotcha nyumba ya mkulu wa misonkho. Njira zomwe zija za ku Boston. Mu 1794 Washington anasonkhanitsa asilikali pafupifupi 13,000 kukawakhalitsa pansi. Kusiyana kwake ndi George III kuli pati?

Tadala:
Alimi amenewo anali ndi aphungu awo ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, ena mwa iwo anavota kukana, anagonja. Ndipo mu 1800 anthu anavotera chipani cha Jefferson, msonkhowo n'kuchotsedwa mu 1802. Wa ku Boston mu 1773 akanavotera ndani kuti North achoke?

Kondwani wa ku Joni:
Akapolo a ku Virginia mu 1800 anavotera ndani?

Tadala:
Palibe. Pamenepo sinditsutsana nanu, ndipo si Grenville kapena North amene anawamana.

Madala Phiri:
Aphunzitsi, Loweruka mutiyambitsire ya msonkho wa nyumba ndi thangata. Koma a Kondwani adzakhale mbali ya boma ngati lero, tidzaone ngati adzalimbe.